Chikondi Choyezedwa pa Sikelo ya Fodya

Mu ufumu wa Chiphamaso, dziko lija lili kuseri kwa mapiri a Musandifunse, malamulo sakalamba. Lamulo limabadwa Lolemba, Lachitatu lakula, pofika Loweruka lagwetsedwa ndi mng'ono wake. Anthu a kumeneko anazolowera, moti akamva ng'oma ya ku nyumba yachifumu amangofunsana kuti, "Lero tikulangidwa chifukwa cha chiyani chomwe dzulo tinalandira nacho mendulo?"

Lamulo limodzi lokha ndi lomwe linafika pomera imvi, ndipo chifukwa chake n'chakuti mwini wake analiiwala. Limeneli linali Lamulo la Ukhondo wa Mabuku. Mfumu Ndamvakale Yachiwiri inalikhazikitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo linkati mphunzitsi amene buku lake lipezeke long'ambika kapena lopindika pakona atumizidwe ku Kosabwerera, dera lomwe basi imafikako kamodzi pachaka, ikafikanso n'kufera komweko.

Panalibe munthu m'dziko lonselo amene anamvera lamuloli kuposa Mayi Donata Kaliwo, mphunzitsi woyang'anira chipinda cha mabuku pa sukulu ya pulayimale ya Dikirani. Mabuku anali nawo mazana anayi, onse oyera mbee ngati afika dzulo. Kiyi wa chipindacho ankagona pamfundo ya chitenje chawo. Ana ankaloledwa kuona mabukuwo pawindo kamodzi pamlungu, ataima pamzere, manja ali kumbuyo. Pa ntchito imeneyi mayiwa analandira mendulo zitatu. Ndipo tisawanenere zabodza, mabukuwo ankawakonda. Lililonse ankalidziwa malo ake ndi mtundu wa chikuto chake, ndipo chiswe chomwe chinayesera kulowamo chaka china sichinapeze mpata wokasimba kwawo.

Tsoka linachokera kunja. Mfumu inapita kukacheza ku ufumu woyandikana nawo wa Kutsidya, kumene inakapeza chionetsero cha mabuku a ana asukulu. Mfumu ya kumeneko inanyamula buku lina lothothoka, lakuda bii m'mbali, n'kunena monyadira pamaso pa anthu kuti, "Taonani, mnzanga, mmene ana athu amakondera kuwerenga." Ndamvakale inabwerako nkhope ili gwaa, ndipo isanavule n'komwe nsapato inaitanitsa nduna zonse ku likulu la Tikambirana.

"Ndani anayeretsa mabuku a dziko langa?" inafunsa motero.

Nduna zinayang'anizana. Yankho aliyense ankalidziwa, koma munthu amabadwa ndi mutu umodzi.

"Ndi aphunzitsi, Mwini Dziko," anayankha Olemekezeka a Vomerezani, Nduna ya Maphunziro. "Ulesi wawakulira. Ine ndakhala ndikufuna kukuuzani."

"Ndamva kale," inatero mfumu, monga inkayankhira chilichonse, ngakhale moni. "Lembani."

Analemba. Pakatha masiku makumi awiri ndi limodzi kudzakhala Chionetsero cha Mabuku cha sukulu zonse. Chikondi cha ana pa kuwerenga chidzayezedwa poyera. Buku lililonse lidzaikidwa pa sikelo ya fodya, ndipo kulemera komwe lawonjezera chichokereni kufakitale ndiko chikondicho. Tsamba lililonse lidzaonetse chidindo cha chala cha mwana. Akuluakulu anayi a mphuno zodalirika adzanunkhiza mabukuwo kuti atsimikize. Sukulu zomwe zidzapezeke ndi chikondi chopepuka zidzalandidwa mabuku onse, poti munthu wodana ndi mkaka sasungitsidwa ng'ombe.

Nduna ya Zanyengo, nkhalamba yomwe inkaiwalaiwala kuti pabwalo la mfumu safunsa mafunso, inakweza dzanja.

"Mwini Dziko, nanga bwanji tingowapatsa anawo mabukuwo kuti awerenge?"

A Vomerezani anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Achikulire, kuwerenga sikuoneka. Mwana akakhala chete maso ali pabuku, mudziwa bwanji kuti sakuwodzera? Koma litsiro silinama. Litsiro mutha kuliika pa sikelo."

Nduna zonse zinaomba m'manja. Nkhalamba ija inakwezedwa udindo tsiku lomwelo, inakakhala kazembe ku Kosabwerera.

Kalata itafika ku Dikirani, Mayi Kaliwo anaiwerenga katatu, kenaka anakhala pansi pakhonde osayang'ana ngati pali fumbi. Mabuku oyera kuposa onse m'dziko muno anali awo, ndiye oyamba kulandidwa akhalanso awo. Mantha anawagwira, ndipo chomwe chinkawawa kwambiri n'chakuti sanalakwe kanthu. M'mawa mwake anamasula kiyi, anatsegula chitseko chonse, n'kuitana ana a Sitandade 7.

"Lowani. Aliyense atenge buku."

Palibe analowa. Ana ena anathamangira kumpopi kukasamba m'manja ndi sopo. Kamtsikana kena kanayamba kulira, kakuganiza kuti ndi msampha. Amene analimba mtima n'kutenga buku ankaligwira ndi nsonga za zala ngati mbale ya alendo. Patatha masiku atatu mabuku anali oyerabe, mwinanso kuposa kale, chifukwa ana ena ankawapukuta ndi malaya akamabweza.

Nthawi yomweyo mbiri inkamveka ya zomwe sukulu zina zikuchita. A ku Thamangirani anali atakwirira mabuku awo m'dimba n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. A ku Tawinakale anawagoneka m'khola la nkhuku. Mphunzitsi wamkulu wa pa Dikirani, Bambo Gwaza, anasuzumira m'chipinda muja n'kupukusa mutu.

"Madamu, ana awa munawalera bwino kwambiri, ndiye vuto lake. Pasukulu pano litsiro simulipeza. Litsiro la dziko lino lili kumsika."

Ndi mmene mabuku mazana anayi anakwerera ngolo ya ng'ombe kupita ku msika wa Tsitsaniko, ana makumi asanu ndi limodzi akutsatira pambuyo ngati akuperekeza maliro. Mayi Kaliwo anakonza ntchitoyo mwadongosolo, poti dongosolo ndilo linali luso lawo. Mwana aliyense aviike chala m'mafuta a mandasi kwa Anangozo, achipake m'fumbi la makala kwa Bambo Zuze, achipisitse m'dengu la usipa, kenaka akhale pamzere ndi buku pamiyendo. Mayi Kaliwo akaliza wenzulo kamodzi, chala pa tsamba, n'kutembenuza. Akalizanso, chimodzimodzi.

"Ndipo ndimvetseni," anatero. "Osawerenga. Nthawi palibe."

Chala choyamba chitatera pa tsamba loyera, mayiwa anamva ngati chatera m'diso mwawo. Anatsinzina n'kulizanso wenzulo.

Amalonda anasangalala nazo. Anangozo, mayi wa mawu aakulu amene ankakazinga mandasi pamalo omwewo kuyambira msika usanafoleredwe, anati, "Chaka chatha akhonsolo anandithamangitsa pano ati mafuta angawa ndi uve. Lero ndi maphunziro. Ine ndikhale ndikhale ndidzafa ndili pulofesa."

"Ine ndiye ndinatulutsidwa sukulu chifukwa chodetsa kope," anatero a Zuze. "Ndinangobadwa msanga."

Zinayenda bwino tsiku limodzi lathunthu. Tsiku lachiwiri kumsikako, lomwe linali lachisanu chitulukireni lamulo, Mayi Kaliwo anaona kuti kumapeto kwa mzere kuli chala chomwe sichikuyenda. Analiza wenzulo kakhumi, koma mtsikana wina wamtali wotchedwa Fanesi anali pa tsamba lomwelomwelo, kukamwa kuli yasa. Kenaka anaseka yekha.

"Fanesi! Ukutani?"

Mtsikanayo anadzidzimuka. "Pepani, Madamu. Maso anangogweramo."

"Atulutse."

"Tadikirani kaye, aphunzitsi," anatero Anangozo, chipande chili m'manja. "Mwana saseka yekha popanda kanthu. Iwe, muli chiyani m'menemo?"

Fanesi anayang'ana aphunzitsi ake, n'kuyang'ananso Anangozo, n'kuona kuti wa chipande ndi amene ali pafupi. Anafotokoza kuti bukulo likutchedwa Nsapato za Achimwene. Muli mayi wina dzina lake Nasimati, amene mchimwene wake anapita kukagwira ntchito kumigodi n'kuiwala nsapato zake za kutchalitchi. Patapita zaka zisanu ndi zitatu popanda kalata, Nasimati anakulunga nsapatozo m'chitenje n'kunyamuka kukamufunafuna. Pomwe Fanesi anaseka m'pamene kondakitala wa basi anaumirira kuti nsapatozo zikhale pampando wakewake chifukwa mwini wake ndi munthu wamkulu.

Anangozo sanaseke. Anatsitsa chipande.

"Wanganso anapita," anatero. "Nasiya jekete. Tawerenga timve."

"Ayi," anatero Mayi Kaliwo. "Amayi, mundimvetse. Masiku atsala ochepa, masamba atsala zikwizikwi. Mwana mmodzi akayamba kuwerenga ayamba onse, ndipo mabuku awa andilanda."

"Ndiye mafuta anga sakhudzidwanso."

"Ngakhale makala anga," anatero a Zuze, amene sanamve bwino nkhaniyo koma sankafuna kutsalira.

Wa usipa anangovindikira dengu lake. Apa Mayi Kaliwo anaona kuti walira mvula walira matope. Anagwirizana kuti tsiku lililonse, ntchito ya zala ikatha cha m'ma folo koloko, Fanesi aziwerenga mutu umodzi mokweza. Umodzi wokha, osapitirira ngakhale mzere.

Kuyambira pamenepo msika wa Tsitsaniko unasokonekera. Ikamakwana folo, ogula ankapeza mabenchi opanda eni ake. Telala ankabwera ndi tepi m'khosi, ometa ankasiya munthu mutu uli theka, wometedwayo n'kutsatira pambuyo ndi nsalu yake. Fanesi ankaima pa kreti ya zakumwa. Nasimati ataberedwa nsapato imodzi pa siteshoni ya sitima, a Zuze anafuna kudziwa dzina la siteshoniyo kuti apiteko. Nasimati atamupeza wakubayo n'kumukhululukira, msika unagawanika pawiri, ndipo amayi awiri ogulitsa tomato sanalankhulane mpaka Lamlungu. Bukulo linkayenda m'manja mwa aliyense, poti ngakhale osadziwa kuwerenga ankafuna kuona ndi maso awo pamene palembedwa kuti Nasimati analira.

Ankati akapanikizika ankatembenukira kwa mwini mabuku.

"Aphunzitsi, tatiuzeni ife akuluakulu tokha. Akamupeza?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankayankha motero Mayi Kaliwo, n'kuyamba kupukuta wenzulo wawo.

Koma matenda a Fanesi anali opatsirana. Mayiwa anayamba kuona milomo ya ana ikugwedera pakati pa kulira kwa wenzulo. Wina ankabisa buku la nyenyezi m'kati mwa malaya. Awiri anamenyana polimbirana buku la njoka. Mwana wina amene chaka chonse sanayankhepo funso m'kalasi anabwera kudzafunsa ngati n'zoona kuti kuli nsomba yaikulu kuposa basi, ndipo atauzidwa kuti abwerere pamzere anati, "Koma Madamu, ndikungofuna kudziwa." Mayi Kaliwo anakhala zaka zonsezi osamvapo mawu amenewo kuchokera kwa mwana. Mawuwo anawakomera mumtima, ndipo anachita nawo mantha.

Palibe anawauza, koma wenzulo anayamba kuchedwa. Poyamba ankalira pafupipafupi ngati wa mpira wa anyamata okangana. Kenaka ankalira mwa apo ndi apo. Pofika mlungu wachitatu ankalira pokhapokha a Gwaza akamadutsa. Chodabwitsa n'chakuti mabuku anayamba kuda msanga kuposa kale. Mwana wowerenga amadya chinangwa pomwepo, amakanda m'mutu, amabwerera masamba atatu kuti amvetse, amapinda kona kuti asaiwale, amakokerana ndi mnzake. Litsiro la wenzulo linali la chala chimodzi, koma ili linali la thupi lonse.

Buku la Nasimati linali ndi mitu khumi ndi isanu ndi iwiri. Tsiku lomaliza chionetsero chisanachitike, Fanesi anawerenga mutu wakhumi ndi chisanu ndi chimodzi. Nasimati anafika pa geti la mgodi, mapazi atatupa, nsapato zili m'manja. Anatchula dzina la mchimwene wake. Mlonda anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti adikire pomwepo, n'kulowa m'kati. Kenaka kuseri kwa getilo kunamveka mapazi a anthu awiri akubwera. Mutu unathera pamenepo.

Msika wonse unabuula.

"Pitiriza, mwana iwe!" anakuwa a Zuze.

"Masamba asanu ndi anayi okha, Madamu," anatero Fanesi. "Dzuwa likadalipo."

"Aphunzitsi, chonde," anatero Anangozo. Sanakweze mawu ngati masiku onse. "Ine sindigona."

Mayi Kaliwo anayang'ana dzuwa, ndipo linalipodi. Koma lole ya boma inali itaima kale pamsewu, mabuku anafunika kuikidwa m'makatoni mwa dongosolo lake, ndipo pangano linali pangano. Munthu amene wamvera malamulo moyo wake wonse, akasowa lamulo la mfumu amamvera lake lomwe.

"Tinati mutu umodzi patsiku," anatero, akutenga bukulo m'manja mwa Fanesi. "Mawa tikangobwerako, folo koloko, pompano. Buku silithawa."

Chionetsero chinachitikira pabwalo lalikulu la Tikambirana. Sukulu iliyonse inali ndi tebulo lake, mabuku atasanjidwa, ana ataima kumbuyo manja ali m'mbali. Pakati pabwalo anapachika sikelo ya fodya pamtengo wopakidwa mitundu ya mbendera. Mfumu inachedwa ndi maola atatu, zomwe ku Chiphamaso zimatchedwa kufulumira. Podikirapo, mwana wina wa sukulu ya kumapiri anatopa n'kutsegula buku, ndipo asilikali anamutulutsa chifukwa chosokoneza chionetsero.

Mfumu inalankhula ola lathunthu. Inati palibe munthu m'dziko muno wokonda mabuku kuposa iyo, ndipo umboni wake ndi woti sinavutitsepo buku ngakhale limodzi. Inati mtundu wosawerenga uli ngati mtundu umene suwerenga. Apa nduna zinaimirira n'kuomba m'manja, ndipo a Vomerezani analamula kuti mawuwo alembedwe pakhoma la sukulu iliyonse.

Kuyeza kunayamba. Mabuku a ku Thamangirani analemera ndithu, koma atatsegula limodzi anapeza lamera nyemba, ndipo oweruza anagamula kuti chimenecho ndi chikondi cha Unduna wa Zaulimi. A ku Tawinakale atabweretsa awo, wonunkhiza woyamba anakomoka, wachiwiri anapempha tchuthi, otsalawo analemba kuti zidindo za m'masamba ndi za zala zitatuzitatu ndipo ana otere m'kaundula mulibe. Sukulu zina zinangopaka matope pachikuto, m'kati muli mbee.

Kenaka anaitana Dikirani. Katoni yoyamba itakwera, muvi wa sikelo unayenda mpaka kalaliki anapukuta magalasi. Oweruza anatsegula masamba mwachisawawa, ndipo paliponse panali zala, makona opindika, nyenyeswa za chinangwa, pena mpaka phiko la ngumbi. Pomaliza anakweza Nsapato za Achimwene palokha. Bukulo linali litatupa ngati mkate, ndipo linalemera kawiri kuposa mmene linabadwira. Mkulu wa onunkhiza analiyandikiza kumphuno, anatsinzina, n'kulengeza:

"Mandasi. Makala. Usipa wa chaka chino. Thukuta la anthu osachepera zana. Ndi kena kake kamchere komwe sitikukadziwa."

"Ichi ndiye chikondi!" anafuula a Vomerezani. "Mwini Dziko, a ku Kutsidya aja akaona ichi akadwala!"

Dikirani inapambana. Ana analumpha, a Gwaza anavina mosayenera msinkhu wawo, ndipo Mayi Kaliwo analira poyera osachita manyazi. Mabuku awo apulumuka. M'mutu mwawo anali atayamba kale kukonza zoti chitseko chija chizikhala chotsegula mpaka madzulo, ndi zoti apemphe kalipentala akhome mabenchi awiri pansi pa windo.

A Vomerezani anakweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Tsopano mphotho. Mwa chisomo cha Mwini Dziko, mabuku onse a sukulu ya Dikirani alengezedwa kuti ndi chuma cha fuko. Kuyambira lero asungidwa m'kabati yagalasi ku nyumba yachifumu, kuti alendo ochokera kunja aziona mmene ana a Chiphamaso amakondera kuwerenga. Wokhudza galasilo adzaona chomwe chinameta nkhanga mpala."

Anthu anaomba m'manja, poti asilikali ankayang'ana. Mayi Kaliwo anaganiza kuti sanamve bwino, mpaka ataona makatoni awo akunyamulidwa. Pamenepo mayi amene sanayankhepo wamkulu chibadwire anadutsa chingwe, anayenda mpaka kutsogolo kwa mpando wachifumu, n'kugwada.

"Mwini Dziko, ndine kapolo wanu. Onsewo tengani. Ndikupempha limodzi lokha, lotupalo, mundibwereke mpaka mawa. Ana atsala ndi masamba asanu ndi anayi."

"Atsala nawo kuti atani?" inafunsa mfumu, ikuyang'ana nduna yake.

"Kuti awerenge, Mwini Dziko," anatero Mayi Kaliwo.

A Vomerezani anagwira pakamwa. "Mayi, mukufuna kuwononga chuma cha boma? Buku limeneli layezedwa. Mwana akalitsegula, nyenyeswa imodzi ikagwa, chikondi chatsika. Mudzayankha ndinu?"

"Ndiye mwina awerenge pompano, inu mukuona. Mphindi khumi zokha. Pali anthu kumsika akudikira kuti amve ngati..."

"Ndamva kale," inatero mfumu, ndipo inawakoleka mendulo yachinayi m'khosi.

Tsiku limenelo sukulu za chikondi chopepuka zinalandidwa mabuku monga mwa lamulo, ndipo sukulu yopambana inalandidwa monga mwa mphotho. Zomwe zinatsala ndi mabuku ndi zapakatikati zokha. Aphunzitsi a sukulu zimenezo, anthu ochenjera, atangofika kwawo anawatsekera m'makabati osawapukuta komanso osawadetsa, podikira kuti aone lamulo la Lolemba likhala lotani.

Lole inawatsitsa pamsika wa Tsitsaniko folo itangokwana. Anthu anali atasonkhana kale. Kreti ya Fanesi inali pamalo pake, wina ataiyalira kansalu. Anangozo anali atakazinga mandasi oti agawe ulere nkhani ikatha, chinthu chomwe sichinachitikepo m'mbiri ya msikawo. Anthu ataona mendulo anayamba nthungululu, koma ataona kuti ana akutsika manja ali lendelende, nthungululuyo inafera m'khosi.

A Gwaza ndi amene anafotokoza, mwachidule, n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito ina kusukulu.

Kenaka a Zuze anakanda m'mutu n'kuseka pang'ono.

"Aa, komatu si vuto. Galasi atsekera pepala, sanatsekere mutu wa munthu. Aphunzitsi alipo. Akhala nalo bukuli zaka zonsezi. Aphunzitsi, kwerani pakretipo mutimalizire."

"Eya, Madamu!" anakuwa ana. "Anali ndani? Mapazi aja anali a ndani?"

Anthu anawapatsa njira. Mayi Kaliwo anayenda mpaka pa kreti ija koma sanakwere. Akanatha kupeka. Maganizo amenewo anawafikira, ndipo palibe akanadziwa. Koma anayang'ana Anangozo, amene anali atapukuta manja n'kukhala pansi pafupi penipeni, maso ali pakamwa pawo, ndipo bodza linakana kutuluka.

"Sindikudziwa," anatero.

"Mwaiwala?" anafunsa Fanesi.

"Sindinaliwerengepo, mwanawe. Ngakhale limodzi mwa onse aja. Ndinkaopa kuti ndingapinde tsamba." Anayang'ana Fanesi m'maso. "Nasimati ndinamudziwa tsiku lomwe unamudziwa iwe. Dzulo ndinkafuna kumva kuposa nonsenu."

Manyazi omwe anawagwira sanawamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni cha munthu amene wazindikira mochedwa kuti anali ndi chuma. Ana anadikirabe pang'ono, poganiza kuti mwina aphunzitsi akuwaseka. Sankawaseka.

Anangozo anadzuka pang'onopang'ono, n'kudzikuntha fumbi.

"Dzuwa linalipo dzulo, aphunzitsi," anatero. Sananene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka.

Alendo okacheza ku nyumba yachifumu ya Chiphamaso amaonetsedwa kabati ija mpaka lero, ndipo amatuluka akuyamikira. Buku lotupa lija lili pashelefu yapamwamba, lotseka. Ku Tsitsaniko anthu anayesa kumaliza nkhaniyo okha, koma aliyense ali ndi mathero ake ndipo palibe amakhulupirira a mnzake. Chomwe amagwirizana n'chimodzi, chakuti Nasimati akadali chiimire pa geti la mgodi, nsapato zili m'manja, akumvetsera mapazi a anthu awiri.